Malo Ophera Nyama pa Kasakula

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki ku khonsolo, zaka zija matipate atangoyamba kumene. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mtima sunali m'malo. Anzanga a kusukulu anali atapita ku Lilongwe, ena atalowa ndale n'kumayenda pa malole akuimba, koma ine ndinatsala pa Boma n'kumatayipa makalata. Galimoto ikangodutsa pamsewu, ndinkadzuka kukasuzumira pazenera.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale bwana wanga, yemwe ankayang'anira misika, anaponya mapepala patebulo langa.

"Achimwene, poti kukhala pansi kumakuvutani, nayi ntchito yoyenda. Awa ndi malamulo atsopano a misika. Muwamasulire m'Chichewa, kenako mukawawerengere anthu pa Kasakula. Masiku ano lamulo silidutsa anthu asanalimve. Mubwere ndi maganizo awo."

Malamulowo analipo khumi ndi awiri. Ambiri anali okhudza ukhondo, chifukwa chaka chimenecho matenda otsekula m'mimba anavuta. Lachisanu ndi chiwiri linkati ziweto zonse zogulitsa nyama ziziphedwa pamalo amodzi a simenti amene khonsolo idzamange kuseri kwa msika, m'malo mophera pansi pa mitengo pomwe ntchentche zinkachita kufunda. Ndinamasulira mothamanga, osaona vuto lililonse. Kenako ndinalemba makalata opita kusukulu ndi kumatchalitchi kuti msonkhano udzakhala Lachisanu, 12 koloko masana. Nthawiyo ndinasankha ndekha, chifukwa lole ya matola inkafika pa Kasakula cha m'ma 11 n'kubwerera cha m'ma 2.

Pabwalo la sukulu ndinapezapo anthu anayi: mphunzitsi wamkulu, bambo wosesa mumsika, ndi amayi awiri achikulire amene anamva kuti kukubwera munthu wa ku Boma n'kuganiza kuti mwina akudzalemba maina a feteleza. Ndinadikira theka la ola ndikuzungulirazungulira mtengo wa mango. Kenako ndinatsikira kumsewu kukakopa anthu ndekha.

Bambo wokonza njinga sanadzutse n'komwe mutu. "Misonkhano tinapita yokwana, achimwene. Kale ankachita kutitsekera msika n'kutikusa ngati ng'ombe. Lero akuti ndi ufulu. Ufulu wangawo ndi uwu, ndikumata chubu."

Mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati ndabwera ndi nsalu. Nditati ayi, anafunsa kuti ndine wa chipani chiti. Nditati si wa chipani, anaseka n'kutembenukira kwa wogula.

Ndinabwerera kusukulu, n'kuwerengera anthu anayi aja malamulo onse m'mphindi khumi. Palibe anafunsa funso. Ndinakhala pa desiki ya ana n'kulemba lipoti langa: "Anthu a pa Kasakula amva malamulowa ndipo avomereza." Mphunzitsi wamkulu anadinda chidindo cha sukulu. Ndinkadziwa kuti mawuwo si oona kwenikweni, koma maganizo anga onse anali pa lole.

Loleyo sinabwerere ku Boma. Mvula inayamba cha m'ma 1, yamphamvu, yochokera kuphiri, ndipo pofika madzulo kunamveka kuti madzi adula msewu padambo. Dalaivala anati sayenda mpaka kutauma. Ndinathawira pakhonde la sitolo ina yomwe inali itangotsekulidwa. Mwini wake anali bambo wachisilamu wa zaka ngati makumi asanu, wovala kachipewa koyera, woyankhula pang'onopang'ono. Ataona kuti ndilibe kolowera, anandipatsa tiyi, kenako anandionetsa kachipinda kakuseri komwe ankasungamo matumba a mchere ndi makatoni a sopo. Anayalamo mphasa n'kunena kuti ndikhale mpaka msewu utatseguka.

Loweruka m'mawa mvula inali ikuwazabe. Ndinkayenda pakhondepo uku ndi uku, kusuzumira kumsewu, kubwerera, kusuzumiranso. Akazi a mwini sitolo anali atakhala pampando waufupi pakhomo, akuthira shuga m'timapepala tating'ono togulitsa. Anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Bambo, mutithera simenti pakhondepo. Msewu suuma chifukwa choti mukuuyang'ana. Bwanji mutiwerengere zimene mwanyamulazo?"

Ndinatulutsa mapepala n'kuyamba kuwerenga, makamaka pofuna kutaya nthawi. Amuna awo anatsamira pakauntala akumvetsera. Nditamaliza lachisanu ndi chiwiri, mayiwo anaika supuni pansi.

"Tabwerezani pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ziweto zonse? Nanga nkhumba si chiweto?"

Amuna awo anatuluka kuseri kwa kauntala n'kudzaima pafupi nane. Anandifotokozera kuti mbuzi zonse zogulitsa mumsikamo ankazinga ndi iwo kapena anzawo awiri a kumzikiti, ndipo n'chifukwa chake aliyense ankagula mosakayika, Msilamu ndi Mkhristu yemwe. Opha nkhumba anali ndi malo awo kutsidya kwa msewu, ndipo panalibe mkangano.

"Koma nkhumba ikangophedwa pasimenti yomweyo, ife nyama ya pamenepo sitingadye, ndipo mpeni wathu sungafikepo. Ndiye kuti aliyense abwerera pansi pa mtengo wake, simenti yanuyo ikhala ya agalu."

Manyazi anandigwira, ndiye ndinayankha mokhala ngati ndikudzudzula. "Nanga bwanji simunabwere dzulo kudzanena zimenezi?"

"Dzulo linali Lachisanu, achimwene. Nthawi imene munaitana anthu, ife tinali ku mapemphero. Ndiponso kalata yanu kumzikiti sinafike. Tangomva lero kwa ana."

Sanakweze mawu. Anabwerera kukatumikira munthu amene ankafuna parafini. Ine ndinalowa m'kachipinda kaja, n'kutulutsa lipoti lodindidwa lija, n'kuliwerenga kawiri. Ndinaganiza zongowonjezera mzere umodzi pansi pake kuti nkhani ithe. Ndinaganizanso kuti bwana akandifunsa chifukwa chake ndinaika msonkhano nthawi imeneyo. Pomaliza ndinaling'amba pakati n'kuliika m'thumba.

Nditatuluka ndinafunsa mayi aja kuti ndingaitane bwanji msonkhano wina anthu akukana chonchi.

"Musawaitane. Lero Loweruka, pitani kuchigayo. Kumeneko munthu sangachoke n'kusiya thumba lake pamzere."

Chigayocho chinali cha dizilo, kumunsi kwa msika, ndipo phokoso lake linkamveka mpaka kusukulu. Pamzere panali anthu mwina makumi anayi, ambiri amayi, atabisala mvula pansi pa malata. Woyendetsa chigayocho anandiuza kuti injini ikatentha amaizimitsa pang'ono kuti athire madzi, ndiye ngati ndikufuna kuyankhula ndiyankhule nthawi imeneyo. Ndinakwera pa dilamu. Injini itazima, makutu anali akulirabe, koma ndinayamba kuwerenga mokuwa.

Poyamba anthu ankangoseka. Wina anakuwa kuti, "Wayamba kampeni!" Ndinapitiriza. Pa lamulo lachinayi, lonena kuti ogulitsa azisesa pamalo awo, mayi wina wobereka mwana anandidula.

"Kusesa timasesa. Koma chimbudzi cha mumsika chinagwa chaka chatha. Mwalembamo za chimbudzi?"

Munalibe. Ndinatembenuza pepala n'kulemba kuseri kwake. Ataona kuti ndikulembadi, ena anayamba kuyandikira. Ndisanafike patali injini inalira, ndipo ndinaima pa dilamupo ngati chitsa, ufa ukundigwera m'tsitsi, kudikira kuti itenthenso.

Pamene ndinkafika pa lachisanu ndi chiwiri, mbiri inali itafika kale kumsika. Mwini sitolo uja anabwera ndi anzake awiri. Kunabweranso bambo wamfupi wojintcha amene ankapha nkhumba n'kumakazinga pachiwaya kutsidya kwa msewu. Anafika atakwiya kale, chifukwa wina anamuuza kuti Asilamu agwirizana ndi wa ku Boma kuti amuthamangitse.

"Inenso ndinavota! Ana anga amadya chifukwa cha chiwaya chimenechi. Ndani akufuna kundichotsa?"

"Palibe akukuchotsani," anatero mwini sitolo. "Tamverani kaye zimene zalembedwa."

Ndinawerenga. Wachiwayayo anaseka mokweza.

"Ine kukaphera pamodzi ndi awa? Ndiye kuti tsiku lililonse ndeu. Amene analemba zimenezi anafikako kuno?"

Anthu anayamba kuyankhula onse nthawi imodzi. Ena ankati nkhumba ziziphedwa kumudzi, wachiwaya n'kukana kuti woyeza nyama sangamutsatire kumudzi. Mayi wina wachikulire anati iye ndi wa tchalitchi koma pamaliro a amuna ake anaphika mbuzi yozingidwa kuti anansi ake onse adye, ndiye lamuloli lisasokoneze zinthu. Injini inalira kawiri pakati pa mkanganowo, koma anthu ankangosunthira panja pamvula n'kumapitiriza. Ena anatenga ufa wawo n'kumapita akunena kuti zonsezi n'zotaya nthawi, a ku Boma anagamula kale. Pomaliza amene anatsala anagwirizana kuti malo akhale awiri: a mbuzi ndi ng'ombe kuseri kwa msika, a nkhumba kutsidya kwa msewu, onse a simenti. Kuseri kwa mapepala anga onse kunadzaza.

Lolemba sindinathenso kudikira lole. Ndinatsanzika, n'kuvula nsapato, n'kuyenda wapansi kudutsa padambo paja madzi akulekeza m'mawondo, mapepala ndikuwanyamula pamutu m'jumbo. Kutsidya ndinapeza thalakitala yopita ku Boma.

Bwana anawerenga lipoti latsopano akugwedeza mutu.

"Ndinakutumani ku msonkhano, inu mwabwera ndi nkhani za kuchigayo. Chidindo chili kuti? Ndani angatsimikize kuti anthu amenewa analipo?"

Ndinawauza zonse, ngakhale za Lachisanu lija ndi za lipoti loyamba. Ndinaika zidutswa zake patebulo. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Mwandionjezera ntchito," anatero. "Mukafotokoza nokha pamaso pa komiti ya khonsolo."

Patapita milungu itatu ndinaima m'chipinda cha misonkhano n'kufotokoza zonse. Mmodzi wa a komiti anati lamulo silingamasinthidwe chifukwa cha phokoso la pamzere wa chigayo. Wina, amene kwawo kunali cha ku Kasakula komweko, anati iye akuwadziwa anthuwo ndipo akunena zoona. Anakambirana mpaka nthawi ya nkhomaliro itapitirira. Lamulolo linasinthidwa kuti malo akhale awiri, ndipo linawonjezedwanso lina la zimbudzi. Zina zimene anthu anapempha, monga kusuntha tsiku la msika, anazikana.

Kuyambira pamenepo bwana ankandituma ine kulikonse kofunika kuwerengera anthu. Ndinkafunsa kaye masiku a mapemphero ndi a maliro, kenako n'kupita kuchigayo, pamjigo, kapena kusikelo ya ana. Kwina ankamvetsera. Kwina ankandithamangitsa poganiza kuti ndatumidwa ndi chipani, ndipo pamalo pena galu anandiluma pakatumba. Ndinkabwerera ku ofesi nditatopa, koma pakatha masiku awiri miyendo inkayambanso kuyabwa.

Malo ophera mbuzi pa Kasakula anamangidwa chilimwe cha chaka chomwecho. A nkhumba anachedwa, poti simenti inali itatha. M'mawa wina mu Okutobala ndikutayipa, ndinamva munthu akukangana ndi mlonda pakhomo. Nditatuluka ndinapeza wachiwaya uja, atavala jekete ngakhale kunkatentha, njinga yake itatsamira pakhoma, fumbi mpaka m'nsidze. Anali atanyamuka m'mamawa kukwera zitunda zonse zija.

"Ee, ndi omwewa," anauza mlonda uja akundiloza, kenako anatembenukira kwa ine. "Munalemba kuti malo akhala awiri. Ine njerwa ndaumba kale ndipo ndawotcha. Ndabwera kudzamva kuti mumanga liti."

Chiyambire ntchito ndinali ndisanaonepo munthu wa kumudzi akubwera yekha ku ofesi, osaitanidwa, kudzafunsa za lamulo. Ndinamuuza kuti yankho ine ndilibe, koma mwini wake wa yankholo alipo. Anapukuta nkhope ndi mpango, n'kukonza kolala ya jekete. Ndinagogoda pachitseko cha bwana, ndipo tinalowa tonse awiri.