Mizere Isanu ndi Umodzi Kuseri kwa Paki

Ndinabwera ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kudzalera adzukulu, poti mwana wanga ndi nesi ndipo ntchito yake ilibe Sabata. Chaka choyamba ndinkangokhala pawindo. Ndinkadziwa galimoto iliyonse ya mumsewu wathu, nthawi yotuluka ndi yobwerera, ndiponso nyumba imene bini lake la zinyalala limatulutsidwa mochedwa. Mwana wanga ankati, "Amayi, anthu adzakuyesani kazitape." Ine ndinkati bola kazitape kusiyana ndi chitsiru.

Mkamwini wanga ankakonza makina ku paki ya masewera, njira ya ku Rockingham. Kunali gudumu lalikulu lonyamula anthu kupita nawo m'mwamba, ndi kasitima kowazondotsa mpaka azibambo andevu n'kumalira ngati mbuzi. Ine sindinkakwera. Chinthu chimene chimamangidwa ndi mabawuti chimamasukanso ndi mabawuti omwewo.

Paki ija inali dziko palokha. Kalekale, malowo akadali mchenga ndi tchire, boma la chigawo chino linalola kampani kuti imange ndipo m'kati mwa mpanda izidzilamulira yokha. Inali ndi misewu yake, zitsime zake, alonda ake, ngakhale galimoto yake yozimitsa moto. Ikafuna kumanga kanthu inkapempha chilolezo ku bungwe limene anthu ake omwe ankakhalamo. Mkamwini pondifotokozera ankayesa ndidabwa. Ndidabwe chiyani? Ndinakulira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene belu, chipatala, sukulu ndi mlandu zonse zinali za kampani.

Kuseri kwa paki, pakati pa mpanda ndi poimika galimoto za antchito, kunali kamalo kopanda ntchito. Bwana wina wakale anangonena pakamwa kuti mabanja a antchito azilimapo. Panalibe pepala. Ndicho chimene ndinakondera. Mkamwini atandipititsako tsiku loyamba, ndinatapa dothi m'manja, n'kupeza mchenga wokhawokha woti sungamere ngakhale chisoso.

"Apongozi, pano n'pogona abuluzi," ndinatero.

"Yesani kaye, amayi. Kuli mahatchi ang'onoang'ono okweza ana. Ndowe zake amangotaya."

Ndinatuta ndowezo ndi wilibala miyezi iwiri. Anzanga, a ku Philippines ndi a ku India, ankapanga mabedi athyathyathya otchinga ndi matabwa. Ine ndinaunda mizere ngati kwathu, isanu ndi umodzi. Bambo wina wa ku Philippines anandifunsa ndi manja ngati ndakwirira anthu. Ndinamuyang'ana mpaka anasiya kuseka. Mbewu ndinachotsa m'dzungu la kumsika wa Canning Vale, kumene amagulitsa maungu aakulu ngati mutu wa ng'ombe koma masamba ake osawadziwa kuti ndi ndiwo. Ndinabzalanso mpiru, therere ndi nyemba za khwanya. Bonongwe anabwera yekha, osaitanidwa, monga achitira kulikonse.

Zaka zinayi zimene ndinalima pamenepo ndikazikumbuka mtima umachita kuwawa mokoma. Ndikasiya ana kusukulu ndinkakwera basi, n'kufika paki isanatsegulidwe. Madzi a pachitsime ankanunkha dzimbiri ndipo ankadetsa mpanda, koma anali ozizira kumapazi. Kenako antchito ankayesa nyimbo, n'kuyamba kuzungulitsa gudumu lopanda munthu, mthunzi wake n'kumadutsa pa mizere yanga pang'onopang'ono. Nthawi zina mkamwini ankandibayibitsa ali pamwamba penipeni, ine n'kumukalipira kuti agwire ndi manja onse awiri. Masana kamphepo kakunyanja kakafika, masamba a maungu ankagwedezeka onse pamodzi. Amayi a kutchalitchi anayamba kundipatsa moni wautali chifukwa cha nkhwani. Ndinkawapatsa, koma ndinkadziwa chimene moniwo ukufuna.

Woyandikana nane anali mayi wa ku Zambia, amene tonse tinkangomuti amake mapasa. Mwamuna wake anali mlonda wa pageti. Mkazi wapakamwa, woseka ndi aliyense. Chaka chathunthu ndinkawerenga maungu anga pochoka ndi pofika chifukwa cha iyeyo. Silinasowepo ngakhale limodzi, koma munthu sungadziwe.

Kenako kampani inakangana ndi boma. Chiyambi chake sindinachimvetse bwino, ndipo amene ankandifotokozera aliyense ankakokera kwake. Chimene chinachitika n'chakuti boma linakhazikitsa lamulo lochotsa bungwe la kampani lija n'kuika lake. Misewu, madzi ndi zomangamanga za m'kati mwa mpanda zinakhala m'manja mwa boma.

Kampani inalembera antchito kalata. Mkamwini anaiwerenga patebulo, akumasulira: akuti palibe chodetsa nkhawa, akuti ipitiriza kusangalatsa mabanja monga mwa nthawi zonse, akuti tonse ndife banja limodzi.

"Akati banja limodzi, mangani katundu," ndinatero.

"Amayi inunso," anatero mwana wanga. "Kuno si ku Thyolo."

Sabata yomweyo kampani inakasuma kukhoti. Itatero inatikumbukira ife a kumadimba, amene kwa zaka zonsezo sinkadziwa ngati tili ndi nkhope. Kunabwera mtsikana wa mu ofesi, mano onse pamtunda, atanyamula zipewa za paki. Akuti Loweruka tibwere ndi ana, atijambule titanyamula ndiwo zathu, dziko lione zabwino zimene kampani imachitira anthu ikamadzilamulira. Amake mapasa anavala chipewa pomwepo. Ine ndinati mutu wanga uli kale ndi duku.

Patapita masiku kunabweranso mayi wa bungwe latsopano la boma, wa nsapato zafulati, atanyamula pepala. Akuti akufuna dzina la aliyense wolima pamenepo ndi kukula kwa malo ake. Anthu anaima pamzere. Ine ndinapitiriza kupalira.

"Imwe ambuya, bwelani mulembe," anakuwa amake mapasa m'chinyanja chake cha ku Lusaka. "Muyopa chani? Ni dzina chabe."

"Dzina ndi munthu, amake mapasa. Mwalemba dzina, mwapereka khosi."

"Manje khosi yanu azaichita chani a boma? Azaphika supu?"

Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Bambo anga anadindapo chala pa pepala la kalaliki wa esiteti, atauzidwa kuti ndi la olandira malata. Linali la mabanja ochotsedwa pamalo. Ndinali wamng'ono koma mtolo wa mphasa ndinausenza ndine. Komanso ine kuno ndimakhala ndi chitupa chodalira mwana wanga, ndiye ndilembetse kuti ndikulima malo a eni popanda chilolezo? Mayi wa boma uja anafika mpaka pa mizere yanga, n'kundifunsa mwaulemu ndithu. Ndinamuuza kuti Chingerezi sindimva. Ndimamva.

Pa kampani sindinalakwitse. Zithunzi zija zitatuluka, sipanathe mwezi, tinapeza chikwangwani pampanda: poti madzi tsopano ali m'manja mwa boma, kampani singathenso kupereka madzi kumadimba. Pampu anaimanga ndi loko. Ndowe za mahatchi anayamba kuzitumiza kwina. Mtsikana wa zipewa uja sitinamuonenso. Munali mu Januwale, dzuwa la kuno lija lowotcha ngati mbaula. Ndinkanyamula madzi m'mabotolo a mkaka, anayi m'chikwama, pa basi. Ndinkathirira mzere umodzi lero, wina mawa, maungu akundiyang'ana atagwetsa makutu.

Pa boma ndi pamene ndinagwa nayo. Bungwe la boma lija linagamula kuti kamalo kathu kakhale poimika mabasi, koma olimawo apatsidwe malo ena kuseri kwa laibulale, a mpopi wake, mwa dongosolo. Malowo anagawa potsata pepala lija. Mizere yopanda dzina anailemba kuti ndi yosiyidwa. Mkamwini anapita kukadandaula, anamuuza kuti malo atha, ndilembetse pa mndandanda wa odikira. Anabwera nalo pepala la odikiralo kunyumba n'kuliika patebulo pamodzi ndi cholembera. Linakhala pamenepo masiku atatu.

Thirakitala isanabwere ndinakathyola maungu awiri amene anapulumuka, ndi kuzula bonongwe wa njere. Khasu langa ndinalikulunga m'chitenje. Dalaivala wa basi analiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso.

Amake mapasa anandiimbira foni sabata yotsatira.

"Ambuya, nili na bedi ikulu maningi, musana wanga siukwanisa. Bwelani mutenge mbali imozi."

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Nifuna muzinipenyelela monga kale. Kulibe anabapo kanthu pa munda wanga pamene munalipo imwe."

Ndinapita. Ndi mzere umodzi wokha, waufupi, m'bedi la matabwa. Mpopi uli ndi nthawi yake, ndipo pageti pali malamulo khumi ndi awiri. Kulibe nyimbo, kulibe mthunzi woyenda. Nkhwani zimamera ndithu, koma sizikwanira amayi a kutchalitchi, ndipo moni wawo unabwerera mwakale.

Mlandu wa kampani ndi boma unatha mwakachetechete. Anagwirizana, akuluakulu n'kugwirana chanza pa chithunzi. Tsiku lina mkamwini anati, "Amayi, tiyeni mukaone pamene panali dimba lanu." Kuchokera pansi sungaone, anatchinga. Ndiye ndinakwera gudumu lija, koyamba, nditamufunsa kawiri ngati mabawuti anamanga yekha. Titafika pamwamba ndinaona nyanja mbali iyi, mafakitale a ku Kwinana uko, ndipo pansi pathu phula lakuda la mizere yoyera. Ndinapeza malowo chifukwa cha dzimbiri la madzi lomwe likadali pampanda. Panaima basi ya ana asukulu.

"Ndi apo," ndinaloza.

"Ndi pomwepo, amayi."

Titafika kunyumba ndinafunsa mwana wanga kumene anaika pepala la odikira lija. Ndinaliwerenga ndekha kawiri, kutsogolo ndi kuseri, ndi tizilembo tating'ono tam'munsi tomwe. Ndinamuuza mkamwini aliwerengenso mokweza, kuti ndione ngati angadumphe mzere. Ndiyeno ndinalemba dzina langa. Akuti odikira ndi ambiri. Njere za bonongwe uja zili m'botolo pawindo, pamene ndimakhala.