Ventoinya yandichititsa manyazi pamaso pa apongozi

Mwaswera bwanji nonse, imvani zandionekera lero.

Mmawa ndinanyamula apongozi aamuna ku Tsangano kupita nawo ku ukwati ku Furancungo. Kunali chisanu ndi nkhungu, galasi lonse nthunzi yokhayokha. Ndayatsa ventoinya, fani ya m'galimoto ija, kuti ibweretse mpweya wotentha, ili zii. Mpaka apongozi anavula chipewa chawo nkumandipukutira galasi kuti ndione msewu.

Ndinaimitsa galimoto. Fuzivele, kapena kuti fyuzi, ndinaipeza yabwinobwino, mawaya osaduka. Ndiye ndinagwada mbali yomwe anakhala iwo, ndikumenya ndi chibakera pansi pomwe pali mota wake.

Inadzuka ndi mphamvu zonse. Koma chomwe chinatuluka ndi madeya, nsanza ndi manyi a makoswe, zonse kumaso kwawo ndi pa kazako, jekete lawo lakuda la ku tchalitchi. Makoswe anamangamo chisa, paja ndimanyamuliramo chimanga.

Apongozi anadzisasa pang'onopang'ono nkunena kuti, "Mkamwini, zimitsani. Chisanu chija chinali bwino."

Mpaka pano mayi a kunyumba sindinawauze. Abale, ndipite ndi nkhuku kukapepesa, kapena ndingokhala chete aiwale okha?