Apongozi pa Mkeka wa Mayeso

Ndinapalasa njinga yonyamula odwala ku Pembamoyo zaka zambiri ndilibe pepala lililonse. Wodwala ankagona pa kangolo kumbuyo, ine n'kumatchova mpaka ku kiliniki. Chimene ndinkachidziwa bwino chinali maenje a m'njira. Kenaka kunamveka kuti wofuna ntchito ya mu ambulansi ya galimoto ayenera kuphunzira chithandizo chamwadzidzidzi, akhoze mayeso, apatsidwe satifiketi. Ndinalembetsa imvi zitayamba kale.

Tsiku loyamba ku boma la Chadiza anatipatsa pepala la malamulo a woyesedwa, ife n'kusaina pansi pake. Anzanga analipinda n'kuliiwala m'thumba. Ine ndinaliloweza. Ufike nthawi isanakwane, chitupa chili m'manja. Foni isalowe. Ukatuluka m'chipinda choyesera, usauze odikira panja zimene wapezamo. Lamulo lachisanu ndi chimodzi linkati ngati m'chipindamo muli wachibale kapena munthu womudziwa, unene usanayambe kuti akusinthire wina. Ndinkawakumbutsa anzanga malamulowa pa nthawi ya tiyi, mpaka mmodzi anandifunsa ngati nkhuku zanga nazonso zinasaina.

Mayeso olemba ndinakhoza. Anatsala ochita ndi manja. Anatiuza kuti tikapeza munthu weniweni akunamizira kudwala, ndipo tizinena mokweza chilichonse chimene tikuchita. Onamizirawo ankawatenga m'magulu a amayi odzipereka amene amathandiza pa sikelo m'makiliniki a kumidzi. Ndinamva zimenezo osaziganizira kawiri, ngakhale ndinkadziwa mayi wina wa ku Zemba amene sajomba ku gulu lotero.

Ku Zemba n'kumene ndinakwatira. Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Tikakumana m'njira, mmodzi amapatukira m'tchire. Moni timapatsana patali, maso kumbali, manja akuomba. Ana anga anakula mpaka kumaliza sukulu ine ndisanawakhudze agogo awo ngakhale chala.

Dzina langa litaitanidwa ndinalowa, magolovesi ndavala kale. Woyesa anali nesi wamng'ono kwa ine, wotchi ili m'manja. Anati mayi uyu wagwa m'munda wa thonje ndipo sakuyankha, ndiyambe. Pa mkeka panagona munthu, nkhope italoza kukhoma. Chitenje ndinachizindikira msanga. Ndinachigula ndine, n'kuchitumiza kwa apongozi kudzera mwa akazi anga.

Lamulo lachisanu ndi chimodzi linafika pamlomo. Koma kuti ndilinene ndinayenera kuloza apongozi atagona pansi, ine nditaima njo pamwamba pawo. Miyendo inagamula yokha. Ndinanjuta pakhomo pomwepo n'kuomba m'manja katatu.

Nesi analemba kanthu. Ndinatembenukira kuzenera n'kunena mokweza kuti malo ano palibe choopsa. Ndinati ndikuona ngati wodwala akupuma. Ndinati ndikumva kugunda kwa mtima pamkono. Zonsezi ndinazinena m'ndondomeko yake, pakati pa ine ndi mkekawo pangadutse ngolo.

"Bambo, mkono wa wodwala uli apa," anatero nesi. "Mukuumva bwanji muli uko?"

Wodwala wokomokayo anatsokomola, n'kulankhula akuyang'anabe kukhoma.

"Anesi, musawavutitse. Awa ndi akamwini anga. Itanani wina ndisanafe."

Nesi anadziphimba kukamwa ndi pepala kwa kanthawi. Atatha kuseka anandifunsa ngati malamulo ndinawawerenga. Ndinati ndinawaloweza. Anati nditchule lachisanu ndi chimodzi, ndipo ndinalitchula osaphonya liwu. Anandiuza mwaulemu kuti ndikananena pakhomo akanabweretsa mayi wina wa m'chipinda choyandikana. Popeza ndinayamba osanena, ndiponso wodwala sindinamukhudze, ndalephera. Ndidzabwerenso pa mayeso otsatira, ndipo ndikadzalepheranso ndidzayambire maphunziro pachiyambi.

Panja anzanga anandizungulira kuti ndiwauze zimene zili m'katimo. Ndinawakumbutsa kuti n'zoletsedwa. Lamulo limenelo ndinalisunga mosavutikira.

Nkhani inandipitirira kukafika kumudzi. Akazi anga anandipatsa madzi akumwa, kenaka uthenga. Amayi awo ankafunsa kuti tsiku limene adzagwe zenizeni m'munda, kodi ndidzawaombera m'manja mpaka adzazizire?

Lamlungu lotsatira, titachoka ku tchalitchi, apongozi anafika pakhomo pathu. Sanalowe m'nyumba. Anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, nakhala akuyang'ana kunkhokwe, natambasulira mkono umodzi kumbuyo ngati wopempha mchere. Akazi anga anatenga wotchi yanga n'kundikankha paphewa. Ndinagwada, maso ali kukhola la mbuzi, n'kuika zala ziwiri pamkonowo. Chiwerengero chimene ndinapeza chinali cha munthu wothamangitsidwa ndi galu. Akazi anga anati ndawerenga mtima wanga. Apongozi anauza mwana wawo kuti andiuze ndiyambirenso.

Anabwera Lamlungu lililonse mpaka ndinayamba kuwerenga mtima wawo osati wanga. Sitinayang'anizane ngakhale kamodzi.

Pa mayeso achiwiri ndinaima pakhomo n'kuyang'anitsitsa munthu wa pa mkeka, chitenje chake, mapazi ake omwe. Nesi yemwe uja asanatsegule pakamwa ndinalengeza kuti m'chipinda muno mulibe amene ndikumudziwa. Nesiyo anati iye mwini ndikumudziwa, koma ndiyambe. Ndinakhoza.

Satifiketi ndinaikulunga m'pulasitiki, ili pansi m'sutikesi. Lero ndimayenda mu ambulansi ya galimoto, ndipo maenje amawadziwa ndi dalaivala. Ndikakumana ndi apongozi m'njira ndimapatukirabe m'tchire. Koma akamva chizungulire amatuma akazi anga kudzandiitana. Ndimafika, ndimaomba m'manja pakhonde, chitseko chimatseguka pang'ono, ndipo mkono wokha ndi umene umatuluka.