Mafuta Ophikira m'Wotchi ya Apongozi

Wotchi ya apongozi anga aamuna, imene anachoka nayo ku migodi ya ku Joni, ndinaiwononga ndine. Anaivula posamba n'kuiiwala pamwala, mwana wanga anaitola n'kuiponya m'ndowa ya madzi. Inaima pomwepo. Poti ndinali mtengwa watsopano, ndinkaopa kuti andibweza kwathu. Ndinaitsegula ndi nsonga ya mpeni, ndinaipukuta ndi chitenje, n'kudonthezamo mafuta ophikira, poti ndinamvapo kuti wotchi imafuna mafuta. Kenako ndinaibwezera pamwala paja.

Loweruka apongozi anapita nayo ku Tsangano kwa mmisiri amene amaitsuka chaka chilichonse. Ine ndinawatsatira, mwana kumbuyo, ati kukagula sopo.

Mmisiriyo anaika kagalasi padiso, anaitsegula, n'kununkhiza. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mwana, anandiyang'ananso.

"Yatani kodi?" anafunsa apongozi. "Zaka zonsezi sinaimepo."

"Ndi ukalamba, agogo," anayankha mmisiri. "Ndiyesa, koma sibwerera mwakale."

Apongozi anasisita mkono wopanda kanthu. "Basi, yanditsogolera," anatero motsitsa mawu.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndinangoti, "Pepani, bambo," ngati wopepesa maliro. Mpaka lero sakudziwa.