Ena Akubwerabe

Ndine mtolankhani, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti asilikali athu amene anasowa m'nkhalango za ku Burma sadzabweranso. Koma nditapita kwathu ku Bembeke, nkhondo itatha kalekale, amayi ake a Filipo, mnzanga amene anasowa ku Burma komweko, anandigwira dzanja.

"Mwanawe, iwe umawerenga. Timete maliro, tim'sudzule mkazi wakeyu akakwatiwe?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. "Dikirani, amayi. Ena akubwerabe."

Panalibe amene ankabwera. Ndinkangoopa kuwamva akulira.

Sanamete, ndipo mkaziyo sanam'sudzule. Chaka chatha ndinam'peza pamsika wa Linthipe akugulitsa kabichi, imvi zitayamba.

"Alamu, ena aja akubwerabe?"

Ndinagula kabichi wamkulu, ine wosadya kabichi, n'kuthamangira basi.