Imvi za Mai a Dayi

Kumapeto kwa msewu wathu, kuseri kwa sitolo yogulitsa misomali ndi penti, kuli kachipinda ka zenera limodzi komwe anthu ankalowa ali nkhalamba n'kutuluka ali anyamata. Eni ake timangowatchula kuti Mai a Dayi. Sankaluka tsitsi, sankameta. Ntchito yawo inali imodzi basi, kudetsa imvi.

M'kachipindamo muli mpando wachitsulo, beseni, ndowa ya madzi, kambale kosakaniziramo dayi ndi mswachi wakale wopakira. Galasi la pakhoma linachita madontho akuda m'mphepete. Masana dzuwa likalowa pazenera linkagwera m'beseni, kuwala kwake n'kumavina kudenga. Ukakhala pampandopo mutu uli chonyowa, zala zawo zikuyenda m'tsitsi pang'onopang'ono, tulo tinkabwera tokha. Ine ndinadayitsa kumeneko zaka zambiri amuna anga ali moyo, ndipo mpaka lero timapemphera tchalitchi chimodzi.

Azibambo ankabwera mozemba, kudzera khomo lakumbuyo.

"Mai, musauze munthu," ankatero.

"Ine pakamwa panga ndatseka, bambo. Koma ndevu zanuzi ndi zimene zikakuululeni."

Amuna a Mai a Dayi ankayendetsa basi, ndipo ngakhale atapuma ntchito dzina loti Adalaivala silinawachoke. Anali munthu wa mawu ochepa. Kwa mkazi wawo zinali "Iwe, tiyi," kapena "Iwe, malaya anga aja," basi. Ukalamba unawayambira m'mutu. Anayamba kuiwala pomwe aika makiyi, kenako njira ya kutchalitchi, kenako mayina a ana awo, omwe onse amakhala kutali. Ankakhala pabenchi pakhonde, manja atatukula pang'ono ngati agwira chiwongolero, maso ali pamsewu umene ife sitinkauona. Nkhope imodzi yokha ndiyo inawatsalira, ya mkazi wawo.

Koma inali nkhope ya tsitsi lakuda. Mwezi wina Mai a Dayi anatanganidwa ndi mitu ya anthu ena n'kuiwala wawo, imvi zinatulukira pachipumi ndi m'mbali mwa makutu. Atafika kunyumba, Adalaivala anadzuka msanga n'kuvula chipewa.

"Apongozi! Mwafika liti? Mwayenda bwanji?"

Mai awo a Mai a Dayi anamwalira kalekale, koma mwana anatengera nkhope yonse. Tsiku lomwelo anabwerera kukachipinda kaja n'kudzidaya, ndipo m'mawa mwake amuna awo anawadziwanso. Kuyambira pamenepo sanalolenso kuti imvi ngakhale imodzi ione dzuwa.

Chaka chathachi Mai a Dayi anapeza chotupa m'bere. Ine ndi amene ndinawaperekeza kuchipatala tsiku lokamva zotsatira. Adokotala anali mtsikana wa mawu ofatsa, ndipo sanazungulire, anati ndi khansa. Mai a Dayi anayang'ana zala zawo, zomwe zikhadabo zake zinada kalekale.

"Adokotala, ndi dayi amene wandichita zimenezi?"

"Sindinganene motsimikiza, amayi. Matendawa amagwira ngakhale anthu amene dayi sanamukhudzepo. Koma ndikufunseni. Madzi oyera aja a m'botolo, amene mumasakaniza ndi dayi, mukawapaka okha patsitsi amatani?"

"Amalichotsa kuda. Limafiira, kenako limayera."

"Thupi lathu limapanga okha mankhwala omwewo, pang'onopang'ono. Mpweya timapumawu, thupi likamaugwiritsa ntchito, mumatsala tizidutswa tosakhazikika, timene timaluma chilichonse tapeza pafupi. Munthu akakhala wachinyamata, thupi limatisesa msanga. Akamakula, tsache limatha. Tikaunjikana patsinde pa tsitsi, tsitsilo limayera. Nthawi zina timaluma mkati mwenimweni mwa tizigawo ta thupi, ndipo kachigawo kowonongekako kakapanda kukonzeka kamayamba kuchulukana kosaleka. Si chifukwa chokhacho, koma n'chimodzi mwa izo."

"Mpweya womwewu?"

"Womwewu."

"Ndiye zaka zonsezi ine ndimalimbana ndi mpweya? Nanga pano ndileke kupuma?"

Tinaseka tonse atatu. Tinabwerera pabasi. Ine ndinkangomvetsera kupuma kwawo pambali panga, ndikuganiza kuti Mulungu anatipatsa moyo wonga kandulo, yomwe chimene chimaipatsa kuwala ndi chomwe chimaimaliza. Sindinaone ngati nkhanza. Ndinangopemphera chamumtima.

Anawachita opaleshoni, kenako anayamba kulandira mankhwala a m'diripi. Tsitsi linayamba kutsalira papilo ndi m'chipeso, mpaka linatha. Anavala mpango kumutu, monga ankavalira mai awo masiku onse. Adalaivala atangowaona anavulanso chipewa. Madzulo ake ananyamula bulangete n'kukayala pabalaza.

"Bambo, mukupita kuti?" anafunsa Mai a Dayi.

"Aa, apongozi, ine kugona chipinda chimodzi ndi inu? Anthu amva bwanji?"

Tinayesa wigi. Ndinakawagulira ine, yakuda bii, ndipo tinaipesa monga ankapesera tsitsi lawo. Adalaivala anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena mwaulemu kuti, "Chipewa chanu chakukhalani, apongozi."

Mankhwala atatha, tsitsi linameranso, lofewa ngati la khanda koma loyera mbee. Adokotala anati khungu likadali lanthete, dayi asakhudze mutuwo kufikira iwo atalola. Ndiye m'nyumbamo munakhala mkamwini ndi apongozi ake. Adalaivala ankalandira kapu ndi manja awiri. Sankakhala benchi imodzi. Dzuwa likapendeka ankafunsa funso lomwelomwelo: "Kodi mwana wanu abwera liti?"

"Abwera, bambo. Wangochedwa."

Tsiku lina tikuchapa kuseri, Mai a Dayi anaima, thovu lili m'manja.

"Achemwali, imfa sindikuiopa kwenikweni. Ndikuopa kuti mmodzi wa ife apita iwo akundidikirabe. Adzati ndinawathawa."

Ine ndinatenga chovala chinali m'manja mwawo n'kuchitsukuluza.

Komabe miyezi imeneyo inali ndi zake. Adalaivala, amene kwa mkazi wawo sankamaliza mawu atatu, kwa apongozi pakamwa panamasuka. Ine ndinadzimvera ndekha madzulo ena ndikupinda zovala pakhonde. Mthunzi wa mtengo unali utafika pamasitepe, ndipo iwo anali pachiwongolero chawo chija.

"Apongozi, munalera," anatero osatembenuka.

"Ndinalera chiyani, bambo?"

"Mwana wanu. Ndikamabwera ndi basi yomaliza masana, pali pokhota pena pamene zenera lake limaonekera. Ndimachepetsa liwiro pamenepo. Anthu amadandaula kumbuyo, ine osawamva. Ndimamuona ataweramira mutu wa munthu, dzuwa lili pakhosi pake. Ndiye ndimaimba hutala."

"Iye amadziwa?"

"Amayesa ndikuthamangitsa mbuzi."

"Nanga bwanji osamuuza?"

"Aa, apongozi, simumudziwa mwana wanu? Angayambe matama."

Mai a Dayi anatembenukira kukhoma ngati akuyang'ana buluzi. Ine ndinapinda malaya amodzi kangapo konse.

Zinapitirira choncho. Lero za basi, mawa za diresi lobiriwira lomwe eni ake anali ataliiwala, mkuja za mmene mkazi wawo amaimbira nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa mawu, iwo osamuwongolera chifukwa yolakwikayo imakoma kuposa yeniyeni. Mai a Dayi ankamvetsera ali pampando wawo patali, manja ali pamiyendo, ngati munthu amene akumva maloto a wina n'kupezamo dzina lake.

Tsiku limene adokotala analola, Mai a Dayi anandiitana kukachipinda kaja. Munali fumbi, ndipo kangaude anali atamanga pakona ya galasi. Mkono wawo sunkakweranso bwino chichitireni opaleshoni, ndiye anakhala pampando wa makasitomala, ine n'kutenga mswachi. Ankandiuza zochita ali chitsinzinire.

"Onjezani madziwo pang'ono. Yambirani kutsinde. Iih, achemwali, mukupenta khoma kodi?"

Ndisanapake ndinaima kaye.

"Mwatsimikiza? Akakudziwani, nkhani zija zitha."

Kuwala kwa m'beseni kunkayenda pankhope pawo.

"Ndikudziwa. Ndamva zokwanira moyo wonse. Koma iwo akudikira munthu, achemwali, ndipo munthuyo ndine. Pakani."

Ndinapaka. Tinadikira, tinatsuka, tinapukuta. Katsitsi kanali kafupi, koma kanada bii. Tinayenda pang'onopang'ono kubwerera kwawo, mpango uli m'thumba.

Adalaivala anali pabenchi. Anatiyang'ana tikulowa pageti, manja aja anatsika pachiwongolero. Chipewa sanavule.

"Iwe! Unali kuti nthawi yonseyi? Kusiya amayi ako, munthu wodwaladwala, kuti azindiphikira? Manyazi ulibe?"

Mai a Dayi anagwira chipilala cha khonde. Ankaseka, misozi ikutsikira m'kamwa.

"Ndabwera, bambo."

"Wabwera, wabwera. Taona kuwonda kwakeko. Kumene unaliko sankakupatsa chakudya?"

Anasendera kumapeto kwa benchi n'kumenya pathabwa ndi chikhatho. Mai a Dayi anakhala. Adalaivala anawagwira pamkono osawayang'ana, maso ali kumsewu, ndipo sanawasiye. Kenako anasuzumira m'nyumba.

"Amayi apita osatsanzika?"

"Apita, bambo."

"Munthu wabwino uja. Amamvetsera, osati iwe."

"Adzabweranso," anatero Mai a Dayi, akusisita tsitsi lawo ndi dzanja linalo. "Sachedwa amene uja."

Ine ndinatseka geti pang'onopang'ono n'kumapita kwathu.