Mitolo ya Udzu Pamwamba pa Phiri

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene amayi anaganiza zofolera okha nyumba yathu, bambo atamwalira. Kwathu ku Kasenengwa kuli phiri limene mbali imodzi dzuwa limawomba tsiku lonse. Udzu wa kumeneko umauma msanga, ndipo ndi umene anthu amaulimbirana. Mbali inayo ndi yamthunzi, yamakhwawa, udzu wake umachedwa kuuma. Amayi ankamweta kumbali ya dzuwa, mitolo n'kumaunjika pamwamba poopa ng'ombe za anthu.

Tsiku lokatsitsa mitoloyo tinapita ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Munali mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo. Tili pakati pa phiri, anyamata osaka mbewa anayatsa moto kudambo, m'munsi mwathu. Kanali kautsi chabe, moti ine sindinakalabadire. Koma amalume nkhope inasintha.

"Mlongo, tiyeni tidutse cham'mbali, tilowe kukhwawa," anatero. "Moto wa masana ukapeza chitunda suyenda, umathamanga."

Amayi anayankha kuti, "Achimwene, mvula ikagwa ana angawa agona pati?" Ndipo anakwera kukakoka mitolo yawo.

Amalume anandinyamula ngati thumba, n'kuthamanga nane cham'mbali. Ndinamva udzu ukuthetheka kumbuyo kwathu, mphepo yotentha ikukankha malawi kumtunda. Udzu wa patsogolo unkayaka malawi asanaufike n'komwe. Kukhwawa kuja moto womwewo unabwera mokwawa, wofooka, moti amalume anauzimitsa ndi nthambi yaiwisi.

Amayi anali atayamba kutsika ndi mtolo, koma ataona malawi anautaya n'kuthawira kumtunda, monga aliyense akanachitira. Koma pokwera phiri munthu amatopa, pamene moto umawonjezera liwiro. Tinawapeza ali moyo, chitenje chitakakamira pakhungu. Anamwalirira kuchipatala ku Chipata, mvula isanayambe. Ana tinagawidwa kwa achibale, ndipo nyumba ija inagwa yosafoleredwa.

Lero ndimakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata, m'nyumba ya malata. Chilimwe chilichonse mapiri ozungulira tauni amayaka, ndipo ndikangoyang'ana ndimadziwa mbali imene moto uthamangire. Ndaphunzitsa ana anga kuti moto ukakhala m'munsi asathawire kumtunda. Koma chimene chimandiwawa n'chakuti amayi sanali mbuli. Anakulira paphiri lomwelo, zonsezi ankazidziwa. Wowapatsa udzu wina panalibe.